Gologolo m'Nkhokwe ya Apongozi

Padangokhala. Ee, vomerani kuti tili tonse, musandisiye ndikulankhula ndekha ngati wamisala pamsika.

Padangokhala Gologolo, mkamwini wa pamudzi pa a Nungu. Anakwatira mwana wawo Kanungu, ndipo anabereka naye ana awiri: Kamchira amene anatengera bambo wake, ndi Kaminga amene anatengera kuchikazi. Tsono mukudziwa inu kuti mkamwini amamuonera pa khasu. Gologolo khasu ankalidziwa dzina lokha. Chimene chinamusunga pamudzipo chinali pakamwa. Mnyamatayo ankapeka nyimbo, abale! Pa dima, pamene anthu asonkhana kulimira mnzawo kuti akaweruka amwe mowa, iye akangoyambitsa nyimbo makasu onse ankagwera pamodzi, munda woti n'kulima mwezi n'kutha dzuwa lisanapendeke.

Poyamba ankaimba ali mumzere, kakhasu kali m'manja, ngakhale kankangokanda pamwamba. Koma wochenjera sakhuta. Chaka china anapita kwa a Nguluwe, mlongo wawo wa a Nungu, amene anali mwini mbumba.

"Malume, fumbi la khasu likundiphera mawu. Ndiziimbira pachitsa kuti nyimbo izimveka mpaka kumalire."

A Nguluwe anali munthu wokonda mowa ndi mtendere, ndiye anangovomera. Chaka chinacho chitsa chija chinasanduka nthambi, ati pamwamba mawu amayenda bwino. Chaka chinanso Gologolo anati wopeka nyimbo safuna zomusokoneza, ndipo ngakhale kumunda kwa mkazi wake anasiya kupondako. Kanungu ankapita yekha, Kaminga ali kumsana.

Ndiye nyimbo zinaphwa. Osati pang'onopang'ono ayi. Anangodzuka tsiku lina, kutsekula pakamwa, n'kupeza muli malovu okha. Pa dima la chaka chimenecho anabwereza zakale zokhazokha. Anthu anayasamula, makasu anayamba kugwa lina uku lina uko, dzuwa litafika paliwombo anamwa mowa n'kubalalika, munda utalimidwa theka. Chaka chimenecho banja la a Nungu linagonera madeya.

Nyengo yolima itayandikiranso, a Nungu ananyika chimera cha mowa wa dima n'kuitana mlongo wawo. Pajatu mkamwini ndi apongozi aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu awo amadzera mwa munthu wina. Choncho a Nguluwe ndi amene anabwera nawo mawuwo.

"Akamwini, ndatumidwa. Chimera anyika. Mowa ukapsa kuli dima. Nyimbo imodzi sachezera gule, inunso mukudziwa. Mukabwera ndi yatsopano, yanuyanu, yoyendetsa makasu, mukhala. Mukabwera chimanjamanja, mupinde mphasa yanu muone msana wa njira."

"Nanga ana?"

"Ana? Munabwera nawo pochokera kwanu? Ana ndi a mbumba ino."

Gologolo anaseka mokweza. "Nyimbo zokha, malume? Ndili nazo zodzaza thumba, ndikungosowa yoyamba kutulutsa."

Pakamwa panatero, koma mchira unamuulula. Unali njenjenje.

Kuyambira tsiku limenelo Gologolo sanakhazikikenso. Kukwera mtengo, kutsika. Kukhala pamwala, kunyamuka. Kuyamba kung'ung'udza, n'kulekeza pa mawu achiwiri, n'kudzimenya pamutu. Mleme anamuuza kuti nyimbo zimatsikira kumutu munthu akalendewera chadodolido. Analendewera mpaka maso kufiira, koma kunatsika mamina okha. Wina anati atafune tsabola kuti kummero kutseguke. Anatafuna, analira, koma kulira si kuimba.

Chimera chitamera, a Nguluwe anamuitanira kuseri kwa mudzi kuti ayese nyimbo. Anali ndi Nyani, kapitawo wa dima, aliyense khasu lake paphewa.

"Yambitsani, akamwini, ife tilime. Nyimbo yabwino khasu limaidziwa."

Gologolo anali atatenga nyimbo yake yakale yonena za mbalame zodya mapira, n'kuiyambira kumapeto, mbalamezo n'kuzisandutsa mbewa. Anaimba ndi mphamvu zonse. Makasu anagwa bwino ndithu, mtima wake n'kuyamba kukhala pansi. Koma asanafike n'pakati pomwe, Nyani anailanda nyimbo ija n'kuimaliza yekha, mbalame zake zomwe, khasu osaimitsa.

"Mwaidziwira kuti, a kapitawo? Ndaipeka dzulo lomweli!"

"Dzulo? Imeneyi ndinafunsira nayo mbeta ine, pano mkaziyo ali ndi ana."

"Mwangoimeta tsitsi," anatero a Nguluwe, "koma nkhope ndi yomwe ija. Kayeseninso."

Kunyumba anapeza Kanungu atangofika kuchokera kumunda, akumasula mwana kumsana.

"Yabwera, bambo a Kamchira?"

"Ili m'njira."

"Ikudzera njira iti, ndikaichingamire?"

"Nanunso, mayi a Kamchira! Musandisokoneze, ndikuganiza."

Kanungu anakhazika mwana pansi. Anatenga mtsuko n'kupita kumadzi.

Chimera chitayanikidwa padzuwa, Gologolo anati mumtima, chimene ulibe mnansi ali nacho. Analunjika kwa Njiwa, nkhope ataigwetsa ngati wodzapepesa maliro.

"Mayi Njiwa, pepani ndi zimene ndamva."

"Mwamva zotani?"

"Iyayi, ndingakhale wamiseche."

"Nenani, mwayamba kale!"

"Akuti nyimbo ya malemu amayi anu munaiiwala. Akuti mwangotsala ndi poyambira pokha, n'chifukwa chake mumangobwereza pomwepo."

"Ine? Wanena ndani? Khalani pansi apo mumve!"

Njiwa anaimba yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndi zigawo zina zimene anali asanaimbirepo munthu. Gologolo anaimeza yonse, nathokoza, nathamanga nayo isanazizire.

A Nguluwe ndi Nyani anagwiranso makasu. Nyimboyo inali yokoma, zoona, koma inkakokera mtima pansi. Makasu anayamba kulemera. Nyani anatsamira mpini, kenaka anangokhala pansi n'kugwira kumutu.

"Mayi anga ine! Anandisiya ndisanawafunditse n'kansalu komwe!"

A Nguluwe nawo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Akamwini, kodi tikukonzekera dima kapena maliro?"

Nthawi yomweyo Njiwa, amene anali atamva nyimbo ya amayi ake ikuyenda ndi miyendo ya eni, anatera pamtengo n'kuipitiriza pomwe Gologolo analekezera.

"Yakuba ayi," anatero a Nguluwe. "Alongo anga anati yanuyanu."

Madzulo ake a Nungu ankatsuka mphika kuseri kwa mpanda, akulankhula ndi mphikawo mokweza kuti wina amve. "Iwe mphika, ukabooka timakutaya kudzala. Sitikusunga chifukwa choti kale unkaphika bwino." Gologolo anamva. Anakwera mtengo, anatsika, anakweranso.

Chimera chitauma, anaganiza zina. Vuto la nyimbo ya Njiwa, iye anati, n'lakuti ili ndi mwini mmodzi. Nyimbo ya khamu ndani angailondole? Anapita kwa achule.

"Ndatumidwa ndi a Nguluwe kudzasankha woimba bwino kuposa onse, kuti akamwe chipanda choyamba pa dima. Ndani mwa inu?"

Mayo! Achule onse anatsekula pakamwa nthawi imodzi, aliyense kufuna kukwirira mnzake. Wamkulu pansi, wamng'ono pamwamba, wina pakati akungobwebweta. Gologolo anatola apa, natola apo, namanga mtolo n'kupita nawo kuseri kwa mudzi kuja.

Anaimba akudumphadumpha kuchoka pa liwu ili kupita pa lina. A Nguluwe anatsata liwu lalikulu, Nyani anatsata laling'ono. Khasu lina likukwera, lina likutsika, lina lathamanga, lina lachedwa, mpaka ngwee! anawombana m'mwamba. La a Nguluwe linatsetsereka n'kusenda chala cha Nyani.

"Ndikakugwira ndikusenda mchirawo, kamkamwini iwe!" anakuwa Nyani akudumpha ndi mwendo umodzi.

Gologolo anali kale pansonga ya mtengo. A Nguluwe anamuyang'ana ali pansi, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Akamwini, mawa asinja chimera. Chikangolowa mumbiya, mowa sudikira munthu."

Apa mantha anamugwira enieni. Ankati akaona Kamchira akuthamangitsa ziwala pabwalo, ankalingalira tsiku lothamangitsidwa pamudzipo. Ankadziona ali panjira, mphasa paphewa, ana akumuyang'ana ali pakhonde la agogo awo. Ankatsekula pakamwa kuti mwina manthawo atulutsa kanthu, koma ayi, zii.

Kutacha anazungulira mudzi wonse, yakaliyakali, osadziwa chimene akufuna. Tsono nkhawa ya Gologolo imathera m'mano. Ataona kuti pakhomo pa apongozi palibe munthu, anati mafuta a mtedza amafewetsa kummero, najowera m'nkhokwe yawo ya mtedza, denga n'kubwezera. Anali atangoswa makoko angapo pamene anamva mtondo ukugubuduzidwa. Anasuzumira pakampata. A Nungu ndi Kanungu, misi m'manja, dengu la chimera pamutu, akuimika mtondo pamthunzi wa nkhokwe yomweyo.

Kalanga ine! Mkamwini m'nkhokwe ya apongozi! Mlandu umenewo sudikira n'dima lomwe, mphasa amakupindira okha. Gologolo anagona chafufumimba pamtedzapo, khoko lili kukamwa, mchira ataugwira ndi manja onse awiri kuti usagwedeze nkhokwe. Chibadwire anali asanakhalepo chete. Tsiku limenelo anakhala chete, ndipo popeza panalibe china chochita, anamvetsera.

Misi inayamba kulandizana. Wa mayi ukagwa, wa mwana ukwera. Gu, gu. Gu, gu. Ndipo a Nungu, monga amachitira amayi pamtondo, anayamba kukhuthula za kukhosi.

"Mwamuna wakoyo, mchira kukula, mzere ndi umodzi womwe alibe."

"Mulekeni, amayi."

Gu, gu.

"Mbale ikafika, woyamba kusamba m'manja ndi iye. Khasu likatuluka, mutu wamupweteka."

"Mulekeni, amayi."

Gu, gu.

"Anzake akuswa mphanje, iye ali panthambi kuopseza mbalame ndi chifuwa."

"Mulekeni, amayi."

Makutu a Gologolo anatentha. Ine? Ine amene ndinkamalizitsa munda wawo dzuwa lisanapendeke? Anafuna kutuluka kuti ayankhe, koma atuluka bwanji? Ali mkati mofufuma choncho, anazindikira kuti phazi lake likugunda pamtedza lokha, osalituma. Mawu aatali a apongozi ankakhala bwinobwino pamusi wolemera, yankho lalifupi la mkazi wake n'kukhala pamusi wopepuka. Kutukwana kukapita, kupepesa kubwera. Koma inu, anati mumtima, mayi amenewa amatukwana mokoma! Kummero kunayamba kumuyabwa, kuyabwa kuja anali atakuiwala.

"Malemu bambo ako nawonso ankaimba," anapitiriza a Nungu, "koma ankaimba thukuta lili kamukamu, khasu lili m'manja. Taonetsa manja akowo."

Misi inaima.

"Taona! Matuza pamwamba pa matuza. Kulima wekha, mwana kumsana, wamasiye mwamuna ali moyo. Ndiye ukuti ndimuleke?"

Misi inayambanso. Gologolo anadikira mawu awiri aja. Anali atawazolowera kale, ankadziwa ndi pamene amagwera. Musi unagwa, gu. Unagwanso, gu. Mawu sanabwere. Patapita nthawi Kanungu analankhula chapansipansi.

"Ndatopa nako kumuyankhira, amayi."

Abale anga, zonse zimene a Nungu ananena zinangomukanda pakhungu. Chimene chinamulasa ndi pamene panasowa mawu paja. Anachita manyazi, manyazi enieni, mtedza n'kusanduka mchenga m'kamwa. Zaka zonsezi ankati pamudzipo pamamusunga nyimbo zake, osadziwa kuti pankamusunga mawu awiri a mkazi wake, ndipo tsopano mawuwo anali atatha.

Atamaliza kusinja, a Nungu anati, "Takwera utape mtedza wa nsinjiro."

Kanungu anakwera, natukula denga, nasuzumira. Uyo mwamuna wake, khoko kukamwa, mchira m'manja, misozi ili mbwembwembwe. Anayang'anana.

"Ukuchedwa chiyani kumeneko?"

"Muli khoswe, amayi."

"Khoswe? Nawu musi, muphe!"

Kanungu anamuyang'anabe. Gologolo sanaphethire n'komwe.

"Mulekeni, amayi. Ndi kakhoswe kowonda."

"Iwe ndi mtima wakowo, udzafa ndi njala," anatero a Nungu akunyamula dengu. Kanungu anatapa mtedza, nabwezera denga.

Atangochoka, Gologolo anatuluka n'kuthamangira kunthambi yake ija, mutu uli wirawira. Mawu anali nawo tsopano, ochuluka kuposa amene ankafuna. Anayesa kuwaimba. Mawuwo anagwa. Anayesanso mokweza, anagwanso. Panthambipo nyimboyo inalibe poponda. Anamenya nthambi ndi mchira, anaomba m'manja, anagogoda mano, koma ayi ndithu, inkangoti ikaimirira n'kukhala pansi. Anatsika, anakwera, anatsikanso. Kenaka anaima n'kudzitukwana yekha. Chitsiru iwe, nyimbo yabadwira pamusi ukufuna ikulire pamtengo?

Kakhasu kake kaja anakapeza kuseri kwa nyumba, katachita dzimbiri, mpini chiswe chitaulawa. M'mawa mwake Kanungu pofika kumunda anapeza munthu wawerama kale. Gologolo anakweza khasu, nagwetsa, mawu a apongozi n'kukhala pomwepo. Anakwezanso, nagwetsa, yankho n'kubwera lokha. Pamene mawu anali aatali, khasu linkawadula. Pamene anali operewera, khasu linkadikira mpaka iye apeze ena. Msana unawawa, manja anatentha, koma nyimbo inaimirira ndi miyendo yake. Kanungu anaima kanthawi akumuyang'ana, kenaka anapita kukayambira mbali ina ya munda. Mkwiyo wake unali usanathe, ndipo sanamulankhule. Masiku onse amene mowa unkawira mumbiya analima choncho, wina uku wina uko.

Mowa unapsa. Anthu anabwera ku dima, koma ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anangotsata fungo la mbiya. A Nungu anakhala pafupi ndi mbiyazo atafulatira, monga mwa mwambo. Nyani anafika akutsimphina.

"Nthambi yanu ndi iyo, akamwini. Kwerani tione zimene mwaba lero."

"Lero ndiima mumzere."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Gologolo analavulira m'manja n'kugwira mpini.

"Tamverani. Ine ndikanena zanga, inu muzivomera mawu awiri okha, ndikuphunzitsani pompano. Koma mukaona ndakweza mchira, pakamwa tseke. Pamenepo ayankhe ndi makasu."

Anayambitsa. Anaimba za mkamwini wina wa mchira waukulu amene alibe mzere ndi umodzi womwe. Anthu anayang'anana, anayang'ana mchira wa woimbayo, naphulika kuseka, ndipo anavomera ndi mawu awiri aja a mkazi wopempha mayi ake kuti amuleke. Anaimba za mbale ndi kusamba m'manja, za mutu umene umapweteka khasu likatuluka, za munthu woopseza mbalame ndi chifuwa. Chilichonse akanena, khamu linkamupepesera ndi mawu omwewo, makasu akugwera pamodzi, fumbi lili koboo. Nyani anaiwala chala chake. A Nguluwe ankavomera ndi liwu lawo lalikululo mpaka malovu kugwa.

Kenaka Gologolo anatsitsa mawu. Anaimba za manja a matuza pamwamba pa matuza, za mkazi wolima yekha mwana ali kumsana, wamasiye mwamuna ali moyo. Anthu anakoka mpweya kuti avomere. Iye anakweza mchira.

Gu. Gu.

Munda wonse chete, makasu okha. Kuseka kunathera pomwepo. Amayi ena anayang'ana amuna awo cham'mbali, amunawo n'kuweramira pansi. Koma makasu sanaime monga anaimira pa nyimbo ya Njiwa. Analowa pansi kwambiri, chifukwa munthu wamanyazi amalima ngati akukwirira kanthu. Gologolo anatsitsa mchira n'kuyambiranso za mkamwini uja, kuseka n'kubwerera. Nyimbo inazungulira choncho, ikuseketsa, ikulasa, ikuseketsanso. Amene anatsala m'nyumba anaimva, natenga makasu n'kubwera akuthamanga. Munda unatha dzuwa lisanapendeke.

A Nguluwe anatunga chipanda choyamba kuti apatse woimba. Chisanafike m'manja mwake, kunamveka minga ikuchita phokoso. A Nungu anali chifulatirebe, koma minga yonse itaimirira.

"Achimwene, muuzeni mkamwini kuti imeneyinso ndi yakuba. Mawu onsewo ndi a m'kamwa mwanga."

A Nguluwe anabweza chipanda.

"Akamwini, mwamva. Paja yakuba tinakana."

Gologolo anagwada n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Malume, ndifunsireni apongozi mofatsa. Ine ndi iwo sitikhalirana pafupi, sitilankhulana, ndikawaona panjira ndimalowa patchire. Nanga mawu awowo anandiuzira kuti? Ngati lilipo tsiku limene anakhala nane pamthunzi umodzi n'kumacheza, anene pamaso pa anthu onsewa."

"Eee!" linatero khamu. "Funso ndi limenelo!"

A Nungu anali atakodwa. Mpongozi uti angavomere pagulu kuti anakhala pamthunzi umodzi ndi mkamwini? Koma mayiwo sanali opusa. Anayamba kulondola m'mutu. Mawu amenewa ndinanenera kuti? Pamtondo. Mtondo unali pati? Pansi pa nkhokwe. M'nkhokwemo munali chiyani? Anatembenuza khosi pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana wawo. Kanungu anali zyoli, akuyang'ana manja ake.

Gologolo anaona khosi lija likutembenuka, ndipo anadziwa kuti wadzitchera yekha. Liwu limodzi lokha, nkhokwe, linali lokwanira kumupinditsa mphasa tsiku lomwelo, nyimbo kaya ikhale yokoma chotani. Kuchenjera kwake kunali kutathera pamenepo. Anangogwada, kudikira.

A Nungu anayang'ana munda wolimidwa mpaka kumalire. Anayang'ana mwana wawo. Chapatali Kamchira ankakumba pansi ndi kamtengo, akuimba yekha mawu awiri aja, osadziwa kuti akupepesera ndani.

"Achimwene," anatero a Nungu, minga ikugona, "khoswe akakhala pamkhate sapheka."

A Nguluwe anakanda kumutu. "Khoswe wakenso uti, alongo?"

"Zisiyeni. Muuzeni kuti nyimboyo ndi yake. Koma muuzenso kuti ndi yoperewera, wasiya chigawo china."

Ndipo ali chifulatire choncho, mayi aja anakweza mawu pa mayimbidwe omwe aja, naimba za kakhoswe kowonda kamene kanapezeka m'nkhokwe ya eni, khoko lili kukamwa, mchira katagwira m'manja. Khamu, losadziwa kanthu, linavomera ndi chimwemwe kuti akaleke kakhosweko. Amene anavomera mokweza kuposa onse anali Gologolo.

Anthu ali pa mowa, Kanungu anabwera pamene mwamuna wake anakhala. Aka kanali koyamba kumulankhula chichokere m'nkhokwe muja.

"Taonetsani manja."

Anaonetsa. Matuza, ena ataphulika. Kanungu anawayang'ana nthawi yaitali, nawagwira pang'ono ndi chala.

"Nyimbo mwaipeza, bambo a Kamchira. Koma mizere yanu kumunda kuja ndi yokhota. Mawa mulawire tikaiwongole."

"Mawa? Ndimati ndipumeko, ndiganizire nyimbo ina."

"Mukaiganizira komweko."

Analawira.

Mpaka lero mukamuona gologolo panthambi, mchira uli gwedegwede, akutokota yekha, dziwani kuti nyimbo yamukanika. Dikirani pang'ono. Muona akutsika n'kuyamba kukumba pansi ndi manja onse awiri.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule msanga, ine ndauma kukhosi.